Zipangizo za pa Khoma la Akamwini

South Bend, 9 Malichi 2004

Mlongo wanga Theresa,

Ndakulonjera iwe ndi onse kumeneko. Ine ndinafika. Miyendo inatupa mu ndege koma yaphwa.

Kuno kukuzizira zoti usafunse. Akuti chisanu chikutha, ine ndikuona ngati akungondinamiza. Panja sindituluka. Ndimakhala pa windo kuwerenga magalimoto ngati mlonda wopanda malipiro.

Vainess ali bwino, mimba yayamba kuoneka. Akuti mwana ndi wa mu Ogasiti. Ntchito ya unamwino ikumudya, amabwera atatheratu, kudya, kugona. Ndikamuona ndimaganiza malemu amake. Ulendo uno unali wa iwo, si wanga. Mwana wamkazi akakhala ndi pakati amafuna amake. Ine bambo ndimuthandiza chiyani?

Akamwini, a Hamilton, ndi munthu wofatsa. Amagwira za makompyuta ku yunivesite. Vuto lawo mwambo sawudziwa, anakulira m'tauni, makolo anawasiya ali aang'ono. Ine ndikakhala pa balaza amabwera kudzakhala mpando womwewo, mpaka bondo kugunda bondo. Ndiye ndimadzuka kupita ku chipinda. Kudya akufuna tidyere pa tebulo limodzi, kuonerana m'kamwa. Ndinamuuza Vainess kuti changa azindibweretsera ku chipinda. Anadandaula koma ndinakana. Sindinatafunepo pamaso pa mpongozi, ndiyambe ndi imvi?

Tsopano imva izi. Kuseri kwa nyumba kuli galaja, khomo lake amangolisiya lotsekula. Tsiku lina akamwini atachoka ndinasuzumira. Theresa, khoma lonse zipangizo za ukalipentala. Mapuleni, matchizulo, macheka, mahamala, zoboolera. Zakale, chitsulo chenicheni cholemera, osati zinyalala tikugula ku Limbe masiku ano zija. Vainess akuti zonsezo zinapangidwa ndi fakitale ina ya mfuti kalekale, nkhondo itatha anthu atasiya kugula mfuti. Chilichonse chili ndi chidindo cha fakitaleyo. Akuti amuna ake amazisonkhanitsa. Ndinafunsa kuti amapangira chiyani. Akuti sapangira kanthu, amangopachika.

Koma mmene zilili, mtima unandiwawa. Dzimbiri, zobuntha, zogwirira zakuda bii. Ine moyo wanga wonse ndagwira ntchito ndi puleni imodzi yomanga ndi waya, pano munthu ali ndi khoma lonse akulisiya likuola.

Ndiye ndaganiza. Mwezi wamawa akamwini apita ku msonkhano wa kuntchito kwawo. Ndizikonza zonse, kenako ndipange kabedi ka mwana. Akadzabwera adzapeze zikuwala. Pakamwa sindingayankhule nawo, koma manja angathe. Chimene ndikufuna ndi chimodzi, ndikhale m'nyumba muno mwamtendere mpaka mdzukulu abadwe, ndipo asamati mdala uja anangobwera kudzatha chakudya.

Undiuze za denga langa ngati likudontha, ndi mbuzi ija ngati inaswa.

Ine mlongo wako,
Sosten


Kampepuza, Ntcheu, 29 Malichi 2004

Achimwene,

Kalata yanu aphunzitsi andipatsa dzulo. Tili bwino, kupatula bondo langa ili. Chimanga cha kumtunda chacha, cha kudambo madzi anachidya. Mbuzi inaswa awiri, mmodzi afisi anatenga. Denga lanu likudontha pomwe paja, ndinaika beseni.

Za zipangizozo, ndapota nanu, musakhudze. Inu ndimakudziwani. Mukafika kwa eni n'kuona chitseko chopendekeka mumachizula musanapereke moni. Mwaiwala benchi ya ku tchalitchi ija munaipala mpaka kufufuta dzina la amene anaipereka? Tinayenda ndi manyazi chaka chonse. Munthu sapachika chinthu pakhoma popanda chifukwa. Ngati simungathe kufunsa akamwini, funsani mwana wanu, pakamwa muli napo.

China, zothawa akamwinizo muchepetse. Kuno mkamwini amabwera pamudzi pathu, ndiye amazemba iyeyo. Kumeneko inu ndi amene mwalowa m'nyumba yawo. Mwini nyumba akalowa, mlendo n'kudzuka kutuluka, aganiza chiyani? Sikuti aliyense anamva za ulemu wa ku Ntcheu.

Mukamuona mwana wanga Lucious ku Indianapolis mumufunse ngati manja ake anaduka. Chichokereni Khirisimasi sanalembe. Ndipo mumuuze Vainess andipezere magalasi owerengera ndi mafuta opaka bondo, Baibulo ndikungoliona ngati nyerere.

Ndine mlongo wanu,
Theresa


South Bend, 12 Epulo 2004

Theresa,

Moni. Yankho lako sindinalione, kaya unalandira kalata yanga kaya ayi. Ine ndili bwino, msana wokha ukuwawa, koma ndi kuwawa kwa ntchito, kumene ndinakusowa.

Akamwini anapita ku msonkhano kuja, ine ndinalowa m'galaja. Ndinamuuza Vainess kuti ndikupanga kabedi, anati chabwino ababa, bola musadzipweteke. Iye salowako, fungo la mafuta limamuchititsa nseru.

Ndinayambira puleni ina yaikulu imene inali payokha pa shelefu, ataiika pa kansalu. Imeneyo ndiyo inali yakutha kuposa zonse, chogwirira chake chakuda ndi thukuta, chodyeka, chong'aluka. Ndinachizula. Zitsulo zonse ndinaziviika mu viniga, kenako sandipepa, kenako kunola. Pali makina onolera a magetsi, ndinawaphunzira ndekha. Zina zinali ndi timapepala ta fakitale tong'ambikang'ambika, ndinatipala. Utoto wofiira wotsalira ndinachotsa. Pa zina chidindo chafufutika pang'ono, koma chidindo sichidula thabwa. Zogwirira ndasema zatsopano ndi thabwa labwino limene ndinalipeza pa ngodya. Zakalezo ndinataya mu bini, galimoto ya zinyalala inatenga.

Ukanaona, Theresa. Khoma likuwala ngati sitolo. Puleni yaikulu ija ikudya thabwa ngati ikumeta mwana, zopala zake zopyapyala zoti ungawerenge nyuzi kupyolera m'menemo. Amene ankapanga mfuti aja chitsulo ankachidziwa. Ndinakhala pansi pa zopalazo, fungo lake lokha ndinamva ngati ndili kwathu. Chimwalirire amake a Vainess ndinali ndisanaimbepo nyimbo, koma tsiku limenelo ndinaimba.

Kabedi katha, kangotsala vanishi. Akamwini akubwera Lachisanu. Sindinena kanthu, ndingosiya khomo lotsekula akaone okha.

Lemba msanga.

Sosten


Indianapolis, 27 Epulo 2004

Theresa,

Waona pamwambapo, sindilinso ku South Bend. Ndili kwa mwana wako Lucious. Manja ake sanaduke, ndi ulesi chabe. Ali bwino, wanenepa.

Kalata yako inafika zinthu zitaonongeka kale. Ndaiwerenga. Usandifunse kuti ndinamva bwanji.

Akamwini anafika Lachisanu masana. Ine ndinali ku chipinda, makutu ali panja. Ndinamva galimoto, ndinamva alowa m'galaja. Kenako zii. Ndinadikira kuti mwina aitana Vainess adzaone, kapena aseka. Zii. Patapita nthawi ndinamva bini ikugudubuzika pansi. Ndinasuzumira pa windo, munthu wa tayi atagwada pa udzu akufukula zinyalala ndi manja.

Kenako anabwera kudzagogoda kwa ine. Vainess anali pambuyo pawo, nkhope itasintha. Akamwini anafunsa motsitsa mawu kuti zogwirira zakale zija zili kuti. Ine monga mwa ulemu ndinayang'ana Vainess, ndinati uwauze kuti ndinataya, zinali zakutha. Iwo anati, "Bambo, ndili pompano. Ndiuzeni ineyo." Ine ndinayang'ana khoma. Ndikanatani? Anaima pang'ono, kenako anatuluka, analiza galimoto, anabwera mawa lake.

M'nyumba munakhala ngati muli maliro. Sanandikalipire, sananditukwane, bola akanatero. Vainess ndikamufunsa ankangoti ababa mwalakwitsa, n'kuyamba kulira, n'kuthamangira ku ntchito. Kenako anandiuza kuti ndipite kaye ndikamuone Lucious, ndikapume mphepo ina. Ine si mwana. Kundithamangitsa ndimakudziwa ngakhale akukulunge mu nsalu yabwino.

Lucious akuti kuno kuli anthu amene amafuna chinthu chakale chikhale ndi dzimbiri lake, utoto wake, ndi kapepala kake. Ukachitsuka, kwa iwo chafa. Ndinamuuza kuti amenewo ndi amisala. Khasu la dzimbiri ndi chuma? Ngati zili choncho, kwathu tonse ndife olemera. Ndinagwira ntchito mpaka zala kutuluka magazi, malipiro ake ndi amenewa.

Kuno ndikugona pa mpando wa pa balaza. Nyumba ndi yaing'ono, pamwamba, pafupi ndi msewu wa Lafayette. Pansi pali masitolo a anthu a mitundu yonse, ufa ukupezeka, ngakhale usipa wa kwa eni. Lucious amagwira ku nyumba yosungira okalamba, akabwera amapeza wokalamba winanso. Amandiseka kuti amalume inu ndiye ovataimu yanga.

Vainess amaimba foni koma za kubwerera sakunena. Ogasiti akubwera. Ngati mwanayo adzabadwe ine ndili pa mpando uno, ndiye ndinakwereranji ndege?

Magalasi ako ndamuuza Lucious.

Sosten


South Bend, 16 Meyi 2004

Azakhali,

Ndakulonjerani. Ndikukhulupirira muli bwino ndi bondo lanu. Magalasi ndi mafuta ndapatsira mayi wina wa ku tchalitchi amene akubwera ku Lilongwe mwezi uno.

Ndikulembera inu chifukwa ababa sindingathe kuwauza. Ndatraya kawiri pa foni, amangoti dzimbiri ndi dzimbiri, n'kuyamba za nyengo. BP yanga yakwera, adokotala akuti ndichepetse mashifiti ndi maganizo omwe.

Mukukumbukira chithunzi cha ukwati wathu, mzungu wokalamba ataima pambali pa Hamilton? Amenewo ndi a Edmond. Hamilton atafika kuno kudzaphunzira analibe aliyense. A Edmond anamupeza ku tchalitchi atavala jekete yopyapyala pa chisanu, anamutenga, anamupatsa chipinda, anamuphunzitsa kudiraiva. Pa ukwati wathu ndi amene anaima ngati nkhoswe ya kuchimuna. Anali mmisiri wa matabwa pa fakitale ina kuno. Zipangizo zija amene anayamba kuzisonkhanitsa ndi iwo, Loweruka lililonse ankapita awiri ndi Hamilton ku okushoni ndi m'misika ya zakale. A Edmond anamwalira chaka chatha ndi kansa, anamusiyira Hamilton zonse. Puleni yaikulu ija inali ya bambo awo a Edmond, iwonso anagwiritsa ntchito moyo wawo wonse. Hamilton akatopa ankapita kukangoigwira. Ankati dzanja lawo likadali pamenepo.

Inenso ndinalakwa. Ababa atandifunsa ndinayankha mwachidule, ndinali nditatopa. Ndinkaganiza kuti kabedi apangira zipangizo wamba za m'bokosi.

Koma chimene chamupweteka kwambiri si chimenecho. Azakhali, khomo la galaja ankalisiya lotsekula dala. Ababa asanabwere anandiuza kuti bambo ako ndi kalipentala, ine ndi iwo tidzapeza pokambirana. Loweruka ankapita kukakhala m'galaja, ataika mipando iwiri. Ababa akaona kuti alimo ankatembenuka. Ndinamufotokozera kuti ndi mwambo, iye anati mwambo wotani woti munthu asakuyang'ane nkhope. Akuganiza kuti ababa samuwerengera chifukwa alibe mudzi woti n'kuuloza.

Hamilton sananene kuti ababa achoke. Ndinawachotsa ndine, chifukwa mwamuna wanga anasiya kudya pakhomo. Ndili pakati, uku bambo uku mwamuna. Amama akanakhalapo akanadziwa chochita. Chonde alembereni, inu amakumverani.

Mwana wanu,
Vainess


Kampepuza, 8 Juni 2004

Achimwene,

Moni. Tili bwino, tikukolola.

Sindichulukitsa. Vainess wandilembera, kalata yake ndaiika momwemu, muwerenge nokha kawiri. Musamukwiyire mwanayo kuti wadutsa kwa ine, ali ndi pakati ndipo alibe amake.

Zimene munatsuka zija ndi katundu wa malemu. Ndipo malemuwo ndi nkhoswe ya ukwati wa mwana wanu, amene anaima pamene inu ndi ine sitinathe kufika. Inuyo mpango wa kumutu wa alamu anga munakana kuti tiuchape, uli mu sutikesi yanu mpaka lero. Wina atauviika mu sopo kuti akuthandizeni, mungamuthokoze?

Zoti ndi amisala musiye. Pezani munthu wamkulu kumeneko, mupepese. Ndipo akamwini akadzayankhula nanu muwayang'ane. Khoma silinakwatire mwana wanu.

Theresa


Indianapolis, 11 Julayi 2004

Theresa,

Ndalandira zonse ziwiri. Ndinawerenga kawiri monga unanenera, kachitatu sindinathe.

Akanandiuza kuti ndi za maliro sindikanakhudza ngakhale ndi chala. Koma akanandiuza liti, ine ndikuthawa? Mipando iwiri ija ndinaiona. Ndinkaganiza kuti wina ndi woikapo miyendo.

Ndinachita zimene unanena. Ku tchalitchi cha a Malawi kuno kuli mkulu wina, a Mthunzi, a kwa Kachindamoto, amakhala ku Beech Grove. Ndinawafotokozera, anavomera kundiyendera. Ndinati tipeze nkhuku. Lucious anazungulira tauni yonse, yamoyo palibe. Anabwera ndi ya mu fuliji, yopanda mutu, youma gwa ngati mwala. Ndinati nkhuku yopepesera imafunika ilire pakhomo anthu amve. Anati amalume ku America nkhuku sizilira. Tinatumiza yomweyo.

Ndinafunanso kubweza kanthu. Lucious ananditengera ku msika wa zakale, ndinayenda tebulo ndi tebulo mpaka ndinapeza tchizulo ya chidindo chomwe chija. Yakuda, yobuntha, manja anga ankachita kuyabwa kuti ndiinole. Wogulitsayo anaona mmene ndikuyesera ndi chala kukamwa kwake, anamuuza Lucious kuti auze mdalayu asaitsuke. Lucious anaseka mpaka kutsamira tebulo. Ine sindinaseke. Ndinaikulunga mu mpango ndi dzimbiri lake.

A Mthunzi anapita Loweruka. Akuti anawalandira bwino, anawaphikira. Akamwini anamvetsera zonse atazolika, kenako anati palibe mlandu, bambo sanadziwe. Nkhuku analandira. Tchizulo anabweza, akuti athokoza koma anasiya kusonkhanitsa. A Mthunzi anaona okha m'galaja, khoma lili mbee, misomali yokha. Zonse anaziika m'makatoni.

Palibe mlandu. Iwe ukudziwa, mlandu ukakhalapo umakambidwa n'kutha. Ukati palibe, ndiye watseka chitseko. Ndinafunsa a Mthunzi ngati ananenapo zoti ndibwerere. Anati sanamve.

Ndikudikira. Foni ikalira ndimadzuka msanga mpaka chizungulire.

Sosten


Indianapolis, 24 Ogasiti 2004

Theresa,

Mdzukulu wabadwa, wamkazi, dzina ndi Shalom. Vainess ali bwino. Uwauze onse, ndipo upite ku manda ukawauze amake.

Tsiku lobadwalo ine ndinali pa mpando wa Lucious. Ndinamva pa foni ngati munthu wa kutali. Atatuluka ku chipatala ndi pamene anati ndibwere, Lucious anandiperekeza. Ndinamunyamula mwanayo. Mphuno ndi ya kwathu. Anandigwira chala osafuna kusiya. Kabedi kanga sakugonamo, akuti kuno kuli malamulo a mipata ya timatabwa, kanga mipata ndi yaikulu. Sindinatsutse.

Ndinapita nditakonzeka. M'njira monse ndinkadziuza kuti lero ndikhala pa tebulo, ndiwayang'ana, ndiyankhula. Ndinalowa pa balaza, akamwini anali pa mpando. Atandiona anadzuka, anawomba m'manja mwaulemu, anatuluka. Nthawi ya chakudya ndinakakhala pa tebulo ndekha. Ndinaona Vainess akubwera ndi thireyi, akuti ababa chanu takuikirani ku chipinda, a Hamilton akuti musavutike. Akafuna kudziwa ngati ndagona bwino ankafunsa Vainess, ine ndili pomwepo. Tikakumana pa khonde ankapatuka, maso pansi.

Mwambo ndinkaufuna uja auphunzira, Theresa. Andipatsa wonse, osasiyako. Palibe mkamwini ku Ntcheu konse amene angawapose.

Ndinagona masiku ochepa, ndinabwerera kuno ndekha, palibe anandithamangitsa. Nthawi imene anandipatsa a boma ikutha, ndikwera kumayambiriro kwa Seputembala. Vainess sangayende ndi khanda, Lucious ali pa ntchito, ndiye akuti amene akandisiye ku ndege ku Chicago ndi akamwini. Ulendo wa maola angapo, anthu awiri m'galimoto. Ngati pali poyankhula ndi pamenepo.

Utume ana asese m'nyumba mwanga.

Sosten


Kampepuza, 3 Okotobala 2004

Apongozi,

Ndakulonjerani, inu ndi Vainess ndi mwana. Ine ndinafika bwino. Kuno kwatentha, tikusosa.

Kalata iyi ndi yanu. Sindinalemberepo mkamwini, ndiye mukaona zokhota mundikhululukire, sukulu ndinalekera sitandade sikisi.

Tsiku lija la ku Chicago munanditsekulira khomo la kumbuyo la galimoto, ine ndinalowa. Ndinatseka maso msewu wonse. Sindinagone. Mawu anali pakhosi, koma ndinkati tikadutsa mlatho uwo ndiyamba, tikadutsa fakitale iyo ndiyamba, mpaka ndinangomva mukutsitsa sutikesi. Munati muyende bwino bambo, ine ndinati zikomo. Ndi mawu okhawo amene ndakuuzani inu mwini chikwatirireni mwana wanga.

Sindinkakuthawani chifukwa chokunyozani. Ndi mmene anatilerera, kuti amene wasunga mwana wako ndi wolemekezeka kwambiri moti sumuyang'ana m'maso. Koma ulemu umene mwini wake akuumva ngati chipongwe, ndaona kuti ndi katundu chabe.

Zogwirira zija sindingabweze. Chimene ndatsala nacho ndi ichi. Chogwirira cha puleni yaikulu ndinachigwira nthawi yaitali ndisanachitaye, chifukwa chinakana kulowa m'dzanja langa. Chinadyeka mbali yolakwika. A Edmond anali amanzere. Koma pansi pake panali kudyeka kwina kwakale, kwa dzanja lamanja, lalikulu kuposa lawo. Ndiye bambo awo anali amanja. Mwana wamanzere kuphunzira pa puleni ya bambo wamanja ndi ntchito yowawa, imapotoza mkono, ndipo ambiri amasiya kapena amasintha chogwirira. Iwo sanasinthe. Ming'alu ija anaimata ndi guluu kangapo konse, mosamala, m'malo mosema china, pomwe anali mmisiri woti akanasema tsiku limodzi. Zonsezi ndinaziona ndi maso anga. Ndinangoti koma munthu wouma mutu, n'kuponya mu bini.

Manja anga akuchikumbukira chogwiriracho, ndikhoza kusema chofanana nacho ndendende. Sindichita. Chingakhale bodza.

Sindikupempha kuti mundiitanenso. Zaka zapita, ndege ija sindikuona kuti ndidzaikweranso. Ndikupempha chimodzi. Munthu ameneyo anaima m'malo mwathu pa ukwati wa mwana wanga, ine sindinafunsepo ngakhale dzina lake. Mundilembere za iye. Ankayankhula bwanji, ankakukalipirani pa chiyani, anagona manda ati. Zimene munkafuna kundiuza m'galaja muja, mulembe pang'onopang'ono, ine nthawi ndili nayo.

Mukafuna kukhala chete, ndimva. Koma mukalemba, mulembe nokha, musatume Vainess.

Ine apongozi anu,
Sosten